Ba Lufeyo ndi thanki ya ku Chanyanya

Ba Lufeyo tinawaika mwezi watha, mvula isanayambe, ndipo ndinene kuti nthawi anasankha bwino. Akadachedwa pang'ono tikadawakwirira m'matope, pamene munthu uja ankadana ndi matope kuposa mmene ankadanirana ndi ine. Musadabwe kuti ndayamba ndi chipongwe pa munthu wakufa. Iwo anali Mnsenga wa ku Petauke, ine ndine Mubemba, ndiye kuti ndife a chimbuya. Mwambo umatilola kutukwanana pamsika, paukwati ngakhale pamanda, popanda wokwiya. Ankanditcha wakudya anyani, ine ndinkawatcha wakudya mbewa. Tinakhala choncho zaka zambiri muno mu Kafue, ine ndikumata matayala pansi pa mtengo wa mango, iwo akukonza za magetsi a magalimoto ndi makina m'kontena yawo yakale, pambali pa msewu wa ku Lusaka. Sindinavomerepo pamaso pawo kuti ntchito yawo inali yanzeru kuposa yanga, ndipo sindiyamba lero.

Anali munthu wamfupi, wa makutu aakulu, ndi magalasi omangidwa ndi waya wofiira kumbali imodzi. Ntchito anaiphunzira kumafakitale, nthawi imene ku Indasitiriyo kunkalira belu anthu n'kudzaza msewu ndi njinga. Ntchito zitachepa kumeneko, anapeza kontena ija. M'thumba la pachifuwa la ovolosi yawo simunkasowa babu la lole, lalikulu, lolumikizidwa ndi mawaya awiri. Ndinkawaseka kuti mkazi wawo anamwalira, iwo n'kukwatira babu. Munthu akabwera ndi galimoto yodwala n'kuyamba kufotokoza mbiri yake yonse, kuyambira tsiku limene anaigula, Ba Lufeyo ankangokweza chala chimodzi kuti akhale chete. Ankafuna kumva galimotoyo kaye. Eni ake ena ankakhumudwa n'kupita, koma ankabweranso akuikoka ndi chingwe.

Atakalamba ndi pamene kunabwera maekisikaveta atsopano, makina okumba aja, ambiri ogulidwa atagwirapo kale ntchito kunja. Amenewa ali ndi thanki yachiwiri, yaing'ono, ya chivundikiro cha buluu. Mmenemo mumathiridwa madzi otchedwa adibulu, ndipo pali kapampu ka magetsi kamene kamawatumiza ku paipi ya utsi kuti utsi wa dizilo utuluke wosaopsa kwambiri. Kapampuko kakaleka, makina amachenjeza pa kagalasi ka kutsogolo kwa opareta, woyendetsa makinawo, kenako amadzichepetsa mphamvu okha. Chimakina chonse chija chimayamba kunyamula dothi ngati nkhalamba yonyamula ndowa. Poyamba Ba Lufeyo anadana nazo. Ankati injini yomwa zakumwa ziwiri ndi chidakwa. Koma ndinawaona, imvi zili mbuu, akugulira zitumbuwa anyamata a ku Lusaka obwera ndi makompyuta, n'kukhala nawo pansi kuwafunsa mafunso ngati mwana wa giredi yoyamba. Anyamatawo ankawakonda, ndipo pambuyo pake ankatumizirana ntchito.

Zimene ankanena za pampu imeneyi ndinazimva kambirimbiri, moti ndikhoza kukupusitsani kuti ndine makaniko. Ankati pampu ndiyo imayamba kuimbidwa mlandu chifukwa siitha kudziyankhira, ndipo mapampu ambiri otayidwa anali amoyo. Ankati nambala imene imatuluka pa kagalasi imakuuza msewu umene muli vuto, osati nyumba yake, ndiye nyumbayo uyenera kuifuna ndi miyendo. Uyambe pa fyuzi. Kenako uike chala pa rileyi, kabokosi kamene kamatsegulira pampu magetsi, umve ngati kakugogoda. Kenako pulagi ya pampu, ngati timano take sitinachite zobiriwira. Pomaliza waya wobwezera magetsi ku chitsulo cha makina, umene aliyense amauiwala. Mita yoyezera magetsi ankaigwiritsa ntchito koma sankaikhulupirira yokha. Ankati waya wotsala kaulusi kamodzi umaonetsa magetsi okwanira pa mita, chifukwa mita siipempha kanthu, pamene babu lalikulu limafuna kudya, ndipo waya wofooka umaonekera pomwepo. Ine ndinkati zili ngati Mnsenga: khasu paphewa ali nalo, koma umuone akafika pamzere.

Ankakangana ndi aliyense, osati ine ndekha. Kuno akuba mabatire ndi ambiri, choncho opareta akangozimitsa injini madzulo amathamangira kudula swichi yaikulu, ena n'kuchotseratu mabatire kukagona nawo kunyumba. Koma kapampu kaja, injini ikazima, kamafuna kanthawi kuti kayamwe madzi otsala m'mapaipi kuwabwezera m'thanki. Ukakadula msanga, madziwo amauma momwemo n'kusanduka timiyala toyera ngati mchere. Ba Lufeyo ankatha kuimirira dzanja lili pa swichiyo, akumuyang'ana opareta, mpaka kulira kwa pampu kutha. Ankakangananso ndi eni makina amene ankafuna kuti awaikire kabokosi konamiza kompyuta, kuti izingoona ngati zonse zili bwino thanki ili gwaa. Ankakana. Ankati makina ukawaphunzitsa kunama pa chinthu chimodzi, sudzadziwanso tsiku limene akunena zoona. Ntchito zambiri zinawapita chifukwa cha zimenezi, ndipo ine ndinkawakumbutsa tsiku lililonse nshima yawo ikabwera ndi masamba okhaokha.

Tsopano ndinene za mwana wawo, chifukwa ndi amene wandilembetsa zonsezi. Dalitso ndi mwana wawo wamwamuna mmodzi yekha, opareta wa ekisikaveta, wa dzanja labwino, wopemphera kumatchalitchi aja oimba ndi magitala. Nthawi imene ndikunenayi anali atangokwatira, mkazi wake ali ndi pakati. Ankagwira ntchito kwa Ba Mweemba, munthu wa makina awiri, ndipo anatumidwa kukakumba madamu a nsomba kufupi ndi Chanyanya. Tsiku lina m'mawa Ba Mweemba anaimitsa vaneti yawo pa kontena, nkhope itatupa.

"Ba mudala, mashini yafooka ku Chanyanya. Ikamba ati pampu. Nifuna muyende mukaone. Ngati ni mwana wanu waipaya, nchito yasila lelo."

Anadziwa bwino kuti akuitana bambo kukaweruza mwana, ndipo n'chifukwa chake anabwera kwa iwo. Mu Kafue monse aliyense ankadziwa kuti Ba Lufeyo sabisira munthu. Ine ndinakwera kumbuyo kwa vanetiyo popanda wondiitana, poti ku Chanyanya nsomba n'zotchipa.

Tinapeza makina ataima pakati pa damu losatha, mkono wake uli m'matope. Dalitso anali pambali, manja kumbuyo. Anapereka moni kwa atate ake, iwo n'kungoyankha kuti, "Liza." Injini inalira. Ba Lufeyo anaika khutu pafupi ndi pampu, ndipo panalibe kanthu. Fyuzi inali yamoyo. Rileyi inkagogoda. Anazula pulagi, mita n'kuonetsa magetsi okwanira. Ba Mweemba anapukusa mutu, poganiza kuti basi pampu yafa. Koma babu litalumikizidwa pomwepo linangofiira pang'ono ngati khala la mbaula. Ba Lufeyo anasuntha waya umodzi wa babulo n'kuukhudzitsa pa chitsulo choyera cha makina, ndipo linawala mpaka tinatsinzina. Ndiye kuti magetsi ankafika, koma njira yobwerera inali yotsekeka. Anagona chagada m'matope aja amene ankadana nawo, n'kutsatira waya ndi zala mpaka anapeza bawuti pansi pa chitsulo, litadyedwa ndi dzimbiri. Analimasula, anapala ndi sandipepa, analimanganso. Injini italiranso, pampu inayamba kung'ung'udza ngati njuchi ili m'botolo.

Ba Mweemba anaseka mokweza, n'kugwira Dalitso dzanja ndi manja awiri.

"Unikhululukile, mwana. Nenze nakuganizila voipa."

Ine maganizo anali atapita kale ku nsomba. Koma Ba Lufeyo anali ndi chizolowezi china chimene sankachilumpha pa makina alionse. Ankatsegula chivundikiro cha buluu, n'kutunga dontho ndi kapaipi koyera, n'kulidonthezera pa kachidutswa ka chubu chakuda kuti liume padzuwa. Adibulu weniweni ndi woyera ngati madzi akumwa, ndipo akauma amasiya zoyera mbee. Dontho la tsiku limenelo linali ngati madzi otsukira mpunga, ndipo litauma linasiya zofiirira.

Ndinali pafupi, ndinaona. Anakayang'ana kachubuko nthawi yaitali. Anakaika m'thumba. Anayenda pang'ono ngati akupita ku vaneti, anaima, n'kukatulutsanso.

"Zimya injini," anatero. "Dalitso, ni chani wathila umu?"

Mnyamata anayang'ana pansi. "Yenze yasila, atate. Foni ya ba bosi siyenze kungena. Banyamata banakamba ati ni yuleya imozi chabe na ya mu munda."

Muyenera kudziwa kuti ife a mu Kafue tinakulira pafupi ndi fakitale ya feteleza, ndipo banja lililonse lili ndi wina amene anagwirako ntchito, kapena amene amanena kuti anagwirako. Ndiye aliyense kuno ndi dokotala wa yuleya. Atamva kuti mu adibulu muli yuleya, anthu anati basi, tadziwa, azungu akutigulitsa feteleza wathu yemwe m'zigubu. Dalitso sanabe kanthu. Adibulu anali atatha, ndipo iye ankafuna kumaliza madamu mvula isanagwe. Anapempha feteleza kwa mlimi wina, anawiritsa madzi a mumtsinje, anasefa ndi chitenje cha mkazi wake, n'kuthira. Anachita mosamala kwambiri chinthu chosayenera kuchitika, poti feteleza wa m'munda ali ndi zina zimene zimatseka sefa ndi kuwononga za mkati mwa paipi ya utsi.

Ba Lufeyo anatembenukira kwa Ba Mweemba. Mawu awo anali apansi, koma tonse tinamva.

"Pampu inaleka chifukwa cha bawuti. Uyo si mulandu wa muntu, ni matika, matope aya. Koma vamene vili mu thanki sembe vinaononga vonse kusogolo. Ikhutulidwe, isukiwe, na sefa ichinjiwe. Musaisebenzese so."

Ba Mweemba anasiya dzanja la Dalitso pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anangopempha makiyi.

Pobwerera Dalitso anakana kukwera vaneti. Tinamusiya akuyenda pansi mumsewu wafumbi uja, ndipo nsomba sindinagule. Titangofika pa kontena ndinawayamba.

"Iwe mudala, uli na mutu wa mbeba zoona. Mwine wa mashini enze aseka! Sembe unamunong'oneza chabe mwana, akhutule pa Sondo, nabwela nikuthandizeni. Ndani akanaziba?"

"Ine," anatero.

"Iwe ndiwe ndani? Ndiwe polisi?"

"Wamene ananiitana ndiye afunika kumvela. Nikabisa lelo cifukwa ni mwana wanga, mailo nikakamba ati pampu ili bwino, ndani azanikhulupilila?"

"Manje uzadya kukhulupililiwa? Muzukulu wako azavala kukhulupililiwa?"

Ba Lufeyo anatenga waya wina n'kuyamba kuusenda, ngakhale panalibe ntchito yake. Mkangano umenewu tinaubwereza miyezi yambiri, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndinagonja. Masiku ena ndimaona kuti ananena zoona. Masiku ena ndimakumbukira mnyamata uja akuyenda yekha m'fumbi, n'kuona kuti zoona zina zikhoza kudikira mpaka Lamlungu. Chimene ndikudziwa n'chakuti anakaika kachubu kaja m'thumba poyamba. Anayesa kukhala ngati ife tonse, ndipo analephera.

Dalitso analeka kubwera pa kontena. Akamapita kumsika ankawoloka msewu patali kuti asadutse pamaso pathu. Nkhani ya feteleza inafalikira kwa eni makina onse, ndipo palibe ankamufuna. Mwana anabadwa, agogo ake anamva kwa anthu. Kenako ndinayamba kuona zachilendo. Masiku ena Ba Lufeyo ankatseka kontena dzuwa lili pamutu, n'kuvala jekete ndi nsapato za kutchalitchi, n'kukwera minibasi. Ndinaganiza kuti apeza mkazi. Tsiku lina ndinakwera nawo mokakamiza kuti ndikamuone mlamu wanga. Tinatsikira ku kwale ina kumapiri, kumene amaphwanya miyala, ndipo anapempha kuonana ndi kapitawo amene ankamukonzera makina. Anavula chipewa, nayamba motere:

"Nili na mwana, ni opareta. Koma coyamba nikuuzeni: anathilapo feteleza mu thanki ya mashini ya bene."

Ndinatsala pang'ono kugwa. Kapitawoyo anamvetsera zotsalazo mwaulemu, zakuti mnyamatayo ali ndi dzanja labwino, samwa, sachedwa, koma mutu wake unali utatsalira pa feteleza paja. Anati adzatiimbira. Tili panja ndinawafunsa ngati amayamba choncho kulikonse. Anati inde, kulikonse.

"Awe mukwai! Ningakugulise mbuzi nayambila pa matenda yake? Leka nikambe ine. Mubemba angagulise na tayala yobooka."

Anakana. Anati akamulemba ntchito asakudziwa, tsiku lina adzamva kwa wina n'kumuchotsanso, ndipo kachiwiri kameneko kadzamumaliza mwanayo. Kuli bwino akanidwe pakhomo kusiyana ndi kutulutsidwa ali m'kati. Anapitiriza choncho, kwale ndi kwale, kwa okumba mchenga, kwa okonza misewu, akukanidwa mwaulemu. Pomaliza anafika kwa amake Chipo, mayi wamasiye wogulitsa mchenga ndi miyala, wa makina amodzi. Mayiyo atamva chiyambi chija anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kufunsa ngati mnyamatayo adzachitanso. Munthu wina aliyense akanalumbira. Ba Lufeyo anati sakudziwa, koma mnyamatayo tsopano akudziwa chimene chimatsatira. Amake Chipo anatuma dalaivala wawo kukamuitana Dalitso, ngati angomva za iye kwa anthu. Ba Lufeyo anawapempha iwo ndi ine kuti tisamuuze Dalitso za maulendowo.

Patapita nthawi ndinamva kuti Dalitso waperekera umboni kutchalitchi kwawo kuti anasala kudya, Mulungu n'kumutsegulira khomo popanda dzanja la munthu. Ndinathamanga kukawauza atate ake kuti ndiwapsetse mtima. Anangoti mwina ndi zoona, poti iwo sakudziwa amene ankawakweza maminibasi aja.

Bambo ndi mwana sanagwirizanenso bwinobwino. Moni ankapatsana. Mdzukulu ankabwera naye mkazi wa Dalitso. Ba Lufeyo atagonekedwa kuchipatala, Dalitso anabwera, anakhala pambali pa bedi, n'kukambirana za mitambo ndi za mtengo wa dizilo. Matendawo sanatenge nthawi.

Pamaliro a Mnsenga, ife a chimbuya ndi amene timalamulira. Timapaka anamfedwa unga kumaso, timawaseka kuti akulira moipa, ndipo timavala zovala za malemu n'kumutsanzira kuti anthu amuonenso kamodzi. Pamenepo mbuya akhoza kunena chilichonse. Ndinalonjeza kukhala chete munthu ali moyo, koma za pamanda sitinapangane. Ndinavala ovolosi yawo, imene inandithera m'mawondo, ndi magalasi aja. Ndinakweza chala kuti abusa akhale chete, anthu n'kuseka. Ndinaika khutu pa bokosi kumvetsera ngati pampu ikulira, anaseka kwambiri. Kenako ndinavula chipewa, ndinayenda mwa kachetechete kawo kaja mpaka pamene panakhala amake Chipo pakati pa azimayi, n'kunena ndi mawu awo:

"Nili na mwana, ni opareta. Koma coyamba nikuuzeni: anathilapo feteleza mu thanki."

Anthu anafa nacho chiseko, poganiza kuti ndapeka. Koma kumbuyo kunamveka mawu a kapitawo wa ku kwale uja.

"Na kwa ine anabwela so!"

Wina wa mchenga anati nayenso. Winanso anakweza dzanja. Chiseko chinayamba kuchepa, mpaka chinatha. Dalitso anali ataima pafupi ndi dzenje, unga uli kumaso. Anayang'ana amake Chipo, mayiwo n'kugwedeza mutu kuvomera. Sanalire. Anangokhala pansi, pa dothi lofiira lija, ndi suti yake yakuda. Anthu atayamba kubalalika anabwera kwa ine.

"Ba shikulu, banayenda kangati?"

Ndinamuuza kuti sindinawerenge, koma nsapato za kutchalitchi zinatha kunsi, ndipo ndine amene ndinazimata ndi chubu.

Kontena ilipobe pamalo pake, ndi loko wamkulu pachitseko. Achibale a ku Petauke anafuna kugawana zipangizo, Dalitso anakana, ndipo makiyi ali ndi iye. Mvula yayamba, denga likudontha pakona imodzi, ndimamva madzi akugwera pa chinthu chachitsulo m'katimo. Mavu amanga pamwamba pa chitseko. Eni makina amaimabe, ena ochokera kutali amene sanamve, ndipo ndimawalozera kwa anyamata a ku Lusaka. Masana kumbali imeneyo kumakhala zii, moti ndayamba kutukwana matayala.

Dalitso amabwera Loweruka akaweruka. Amaimitsa njinga yake, amandipatsa moni, n'kugwada kuzula udzu umene ukumera kutsogolo kwa chitseko. Amasesa, amataya zinyalala kuseri, amaima pang'ono makiyi ali m'manja. Kenako amawabwezera m'thumba n'kupita. Pakhomo pa kontenayo sipanayerepo chonchi mwini wake ali moyo, koma loko sanatsegulidwebe.